Kodi ku London kunatalikila liti?

Caka catha tinali ndi malilo pabanja pathu ku Katete. Amai aakulu anatisiya pa Ciwili usiku, ndipo mwana wao woyamba, amene akugwila nchito ya unesi ku England, anamva uthengawo pafoni mamineti khumi asanakwane. Pa Citatu anapempha chuti kunchito ndi kufuna-funa tikiti, pa Cinayi madzulo anakwela ndeke ku London. Ndeke yoyambayo inanyamuka mocedwa, conco pofika pabwalo la pakati pa njila pamene anayenela kusinthila, anapeza yaciwili itapita kale. Anagona pampando kuyembekezela ya tsiku lotsatila. Anatela ku Lusaka pa Ciwelu masana, nalowa m'galimoto kuyenda usiku wonse mumseu wa Great East, ndipo pofika kumudzi pa Sondo mbandakuca anapeza manda atakwililidwa kale dzulo lake. Akulu-akulu anayesetsa kudikila, koma anthu anali atasonkhana pamalilo kuyambila pa Citatu, ndipo cimanga ca m'nkhokwe cinali kutha.

Titakhala pamphasa madzulo ake, amalume athu ena okalamba, amene anagwilapo nchito ku Lusaka zaka za m'ma 1980, anatifunsa kuti kodi ku London kunatalikila liti. Iwo anakumbukila kuti masiku a ndeke ya Nkwazi munthu anali kudya nsima ya madzulo ku Lusaka, kukaca ali ku London. Funsolo tinaliseka pang'ono, koma linatikhala mumtima. Conco tinaganiza zolifufuza ndi kubweletsa yankho kwa inu awelengi athu, pakuti masiku ano mabanja ambili muno ali ndi mwana, mlongo kapena mlamu ku Britain, ndipo zimene zinaticitikila ife zingacitikile aliyense.

Mtunda wake weni-weni

Kucokela pabwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka kukafika pabwalo la Heathrow ku London pali makilomita pafupi-fupi 7,900. Amene anaphunzila nthawi ya mamailosi anganene kuti ndi mamailosi 4,900. Oyendetsa ndeke ali ndi muyeso wao wochedwa mailosi ya panyanja, imene ndi mamita 1,852, ndipo m'mabuku ao mtundawu ndi pafupi-fupi 4,280. Manambala atatu onsewa akunena cinthu cimodzi, conco musasokonezeke mukawaona osiyana pamapepala.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyese ndi njila zimene timazidziwa. Mseu wocokela ku Lusaka kupita ku Chipata ndi makilomita pafupi-fupi 570. Ulendo wa ku London uli ngati kuyenda mseu umenewu maulendo 14. Njanji ya TAZARA kucokela ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860, ndipo mutaiyenda kanayi mungakhale mutatsala pang'ono kufika. Dziko lonse lapansi, mukalizungulila pakati pake, ndi makilomita 40,000, kutanthauza kuti wopita ku London amayenda gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonse.

Kodi mtundawu amaupima bwanji, popeza kumwamba kulibe mseu? Dziko ndi lobulungila ngati mpila. Mukatenga mpila wa mapu wa kusukulu, n'kuika nsonga ya ulusi pa Lusaka ndi nsonga ina pa London, kenako n'kukoka ulusiwo kuti ukungike, pamene ulusi wagona ndiye njila yaifupi kuposa zonse. Ulusi umenewu umadutsa pamwamba pa Copperbelt, n'kulowa mu Congo ca ku Lubumbashi, kupitilila ku Central African Republic, Chad, cipululu ca Sahara ku Libya, Tunisia, kuoloka nyanja ya Mediterranean, kudutsa France, kenako England.

Cimene cimadabwitsa ambili n'cakuti magawo atatu mwa anayi a ulendowu ali pamwamba pa Africa. Kucokela ku Lusaka mpaka kugombe la Tunisia ndi makilomita opitilila 6,000. Mapu ambili amene tinakulila nao pacipupa ca kalasi anatsatila kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, kamene kamakulitsa maiko a kumpoto ndi kucepetsa maiko a pafupi ndi pakati pa dziko. N'cifukwa cake ambili a ife timaganiza kuti Africa ndi wamng'ono. Wokwela ndeke ndiye amadzionela yekha, pamene maola asanu ndi awili atha koma pansi pakali dothi la Africa.

Maola khumi mumlengalenga

Ndeke zazikulu za masiku ano zimathamanga makilomita pafupi-fupi 900 pa ola, pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kucokela pansi, kumene kunja kumazizila mpaka madigili 50 pansi pa zilo. Mukagawa 7,900 ndi 900 mupeza maola osakwana asanu ndi anayi. Mukaonjezapo nthawi yokwela, yotsika, yokhota-khota potsatila njila zimene oyang'anila mumlengalenga amapeleka, ndi yoyembekezela mpata wotela pa Heathrow, ulendo wosaima pena paliponse umatenga maola pafupi-fupi khumi. Basi yonyamuka pa Intercity kupita ku Chipata imatenga nthawi yosasiyana kwambili ndi imeneyi.

Ulendowu uli ndi ubwino wina umene opita ku America kapena ku China alibe. Popeza London ili kumpoto kwa ife, nthawi siisiyana kwambili. Kuyambila kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March, London imakhala kumbuyo kwa Lusaka ndi maola awili, ndipo miyezi inayo imakhala kumbuyo ndi ola limodzi cabe. Conco munthu wonyamuka usiku, ngati wagona bwino m'ndeke, angathe kulowa nchito m'mawa mwake thupi losasokonezeka. Apa amalume athu sananame.

Koma maola khumi amenewa amadya mafuta ambili. Ndeke yaikulu ya injini ziwili imatentha matani 5 mpaka 7 a mafuta pa ola limodzi, conco ulendo umodzi wa ku London umafuna matani 50 mpaka 70, osawelengela apadela osungila ngozi. Komanso bwalo la ndeke la ku Lusaka lili pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,150 pamwamba pa nyanja. Pamalo okwela ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, mapiko ndi injini sizigwila mwamphamvu ngati kugombe, ndipo ndeke yolemela imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene ndeke za maulendo atali zimakondela kunyamuka usiku kukazizila.

Mmene mtundawu unafupikila

Dziko lathu lakhala panjila ya ndeke za ku London kwa zaka zopitilila 90. Mu 1932 kampani ya Imperial Airways inatsegula njila yocokela ku London kupita ku Cape Town, ndipo ndeke zake zinali kutela ku Mpika ndi ku Broken Hill, kumene lelo timati Kabwe. Ndeke za nthawiyo zinali zazing'ono, zouluka masana, ndipo apaulendo anali kugona m'nyumba za alendo usiku. Kufika kuno kunali kutenga nthawi yopitilila sabata imodzi.

Kuyambila mu 1948 mpaka mu 1950, kampani ya BOAC inali ndi ndeke zotela pamadzi, zimene zinali kucokela ku Southampton ndi kudzatela pamtsinje wa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, zisanapitilile ku South Africa. Kenako pa 2 May 1952 kunacitika cinthu cimene ana asukulu athu ayenela kucidziwa. Tsiku limenelo ndeke ya Comet inanyamuka ku London kupita ku Johannesburg, ndipo unali ulendo woyamba padziko lonse wa ndeke ya jeti yonyamula anthu olipila matikiti. Inatela ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Ulendo wonse unatenga maola osakwana 24. Livingstone inaona jeti yonyamula anthu olipila matikiti New York isanaione.

Titalandila ufulu, bwalo lalikulu la ndeke la Lusaka linatsegulidwa mu 1967, caka cimenenso Zambia Airways inaima payokha itapatukana ndi Central African Airways. Mu 1975 kampaniyi inayamba kugwilitsa nchito ndeke za Boeing 707 paulendo wa ku London, ndipo mu 1984 inalandila ndeke yaikulu ya DC-10 imene anaipatsa dzina lakuti Nkwazi. Ndekeyi inafika mpaka ku New York kudzela ku Monrovia. Pa zaka 50 cabe, ulendo wa sabata yathunthu unasanduka wa usiku umodzi.

Kenako zinthu zinayamba kubwelela m'mbuyo. Zambia Airways inamila m'nkhongole ndipo inatsekedwa mu December 1994. British Airways inapitiliza kulumikiza Lusaka ndi London kwa zaka zina 19, koma mu October 2013 nayo inasiya, ponena kuti njilayi siinali kubweletsa phindu. Sitinali tokha. Kampani yomweyo inasiya Harare mu 2007, Dar es Salaam mu 2013 ndi Entebbe mu 2015. KLM, imene inayamba kubwela ku Lusaka kucokela ku Amsterdam mu 2012, inasiya mu 2014. Yankho la funso la amalume ndi limeneli: ku London kunatalikila mu October 2013.

Njila zozungulila

Kucokela nthawiyo, wopita ku London amayamba wapita kwina. Tiyeni tiwelenge njila zimene ambili amadzela, motsatila muyeso uja wa ulusi.

Kudzela ku Nairobi: kucokela ku Lusaka ndi makilomita 1,800, ndipo kucokela ku Nairobi kukafika ku London ndi 6,850. Pamodzi ndi pafupi-fupi 8,650. Mumlengalenga mumakhala maola 11 ndi theka kapena 12.

Kudzela ku Addis Ababa: makilomita 2,950 kuonjeza 5,900, pamodzi 8,850, maola pafupi-fupi 12.

Kudzela ku Johannesburg: mumayamba mwapita kum'mwela makilomita 1,200, kufulatila kumene mukupita, kenako n'kutembenuka kuyenda 9,070 kupita kumpoto. Pamodzi ndi 10,270, maola 13. Cocititsa cidwi n'cakuti mzele woongoka wocokela ku Johannesburg kupita ku London umadutsa pamwamba pa Zambia ca kumadzulo. Munthu amene anacoka ku Lusaka masana amadutsanso pamwamba pa dziko lake usiku, atalipila kale ulendo wopita ndi wobwelela.

Kudzela ku Doha, njila imene Qatar Airways inatsegula mu 2021: makilomita 5,150 kuonjeza 5,250, pamodzi 10,400.

Kudzela ku Dubai, njila imene Emirates inatsegula mu 2012: makilomita 5,370 kuonjeza 5,500, pamodzi pafupi-fupi 10,900, maola 14 ndi kuposelapo. Apa mwaonjezela makilomita 3,000 pa mtunda weni-weni, monga kupita ku Chipata kasanu musanayambe ulendo wanu.

Pa njila zimene zilipo, ya ku Kigali ndiyo ili pafupi kwambili ndi ulusi uja, pakuti 1,500 kuonjeza 6,600 ndi makilomita 8,100.

Maola tachulawa ndi a mumlengalenga okha. Pamwamba pake muikepo nthawi yoyembekezela ndeke yaciwili, imene ingakhale maola awili, asanu ndi atatu, kapena usiku wonse. Ndeke zina zimayambanso zatela mumzinda wina woyandikana nafe kukatenga anthu zisanalunjike kwao. Ulendo umene unali wa maola khumi tsopano umatenga maola 15 mpaka 24, ndipo cinthu cimodzi cikalakwika panjila, umafika masiku awili monga zinacitikila m'bale wathu.

Palinso mphepo. Kumtunda kumene ndeke zimauluka, m'madela a kumpoto, kuli mphepo yamphamvu yoomba kucokela kumadzulo kupita kum'mawa. Conco ndeke yocokela ku Dubai kupita ku London imalimbana nayo ndipo imacedwa ndi theka la ola kapena kuposelapo poyelekeza ndi yobwelela, ngakhale mtunda ndi umodzi-modzi.

N'cifukwa ciani zili telo?

Ena amati azungu anangotinyoza. Ife tikuona kuti nkhani yagona pa masamu a malonda. Ndeke yokwanitsa makilomita 7,900 osaima imakhala ndi mipando 250 kapena 300. Kuti kampani ipeze phindu, mipando yambili iyenela kudzala popita ndi pobwela, caka conse, mu December ndi mu February momwe. Iyenelanso kugulitsa mipando ya kutsogolo, ya anthu a malonda, pakuti ndiyo imabweletsa ndalama zambili. Anthu ocokela ku Lusaka olunjika ku London yokha tsiku lililonse ndi ocepa poyelekeza ndi mipando imeneyi.

Makampani a ku Addis Ababa, Nairobi, Doha ndi Dubai anapeza nzelu imene oyendetsa mabasi amaidziwa bwino. Ndeke yao yocokela ku Lusaka imanyamula wopita ku London, wopita ku Guangzhou kukaoda katundu, wopita ku India kucipatala, wopita ku America kusukulu, onse pamodzi. Ikafika pabwalo lao lalikulu, aliyense amasinthila ndeke yake, mmene amapezamo anthu ocokela kumaiko ena makumi-makumi. Motelo ndeke zonse ziwili zimadzala. N'cifukwa cake nthawi zina tikiti ya makilomita 10,900 imachipa kuposa ya makilomita 8,650. Mtengo wa tikiti umatsatila kuculuka kwa ofuna mipando ndi mpikisano wa makampani, ndipo mtunda umabwela pambuyo.

Ndale ndi nkhondo nazo zimatalikitsa njila. Dziko lililonse lili ndi ulamulilo pamlengalenga wake. Makampani ambili akhala akupewa kudutsa pamwamba pa Libya cifukwa ca nkhondo imene inayamba mu 2011. Mu April 2023 nkhondo itabuka ku Sudan, mlengalenga wa dzikolo unatsekedwa. Mu August caka comweco asilikali amene analanda boma ku Niger anatsekanso wao kwa milungu ingapo, ndipo ndeke za pakati pa Europe ndi kum'mwela kwa Africa zinakakamizika kuzungulila kutali, zina mpaka kuima panjila kumwa mafuta. Mu February 2025 Congo inaletsa ndeke za ku Rwanda kudutsa pamwamba pake. Conco ngakhale ndeke yolunjika ku London itabwelela mawa, nthawi zina ingamayende mtunda woposa 7,900.

Tinenenso zoona mbali inayi. Njila zozungulilazi zathandiza ena. Abale athu ambili ku Britain sakhala ku London. Ali ku Manchester, Birmingham, Glasgow ndi mizinda ina. Kucokela ku London kupita ku Manchester pamseu ndi makilomita pafupi-fupi 320, monga Lusaka ndi Ndola. Wodzela ku Dubai kapena ku Doha angatele ku Manchester mwacindunji osaona London n'komwe. Ndipo masiku ano pali ndeke zocoka ku Lusaka tsiku lililonse, za makampani angapo opikisana, zimene sizinali conco kale.

Amene amasenza mtolowu

Komabe makilomita oonjezelawa pali amene amawalipila. Oyamba ndi okalamba. Agogo amene aitanidwa kukaona mdzukulu wobadwa kumene, osadziwa Cizungu bwino, ayenela kutsika pabwalo lalikulu ngati tauni pakati pa usiku, kuwelenga zikwangwani, ndi kupeza cipata ca ndeke yaciwili. Aciwili ndi odwala ndi amai oyenda ndi makanda, amene ola lililonse loonjezela ndi mavuto. Acitatu ndi mabanja obweletsa mtembo kumudzi. Bokosi limayenda ngati katundu wa pansi pa ndeke, ndipo nalo liyenela kutsitsidwa ndi kukwezedwanso pabwalo la pakati, pamene kuno anthu akhala pamalilo kuwelenga masiku.

Alimi nao akhudzidwa. Mafamu ozungulila Lusaka akhala akutumiza maluwa ndi ndiwo zamasamba ku Europe kwa zaka zambili, ndipo zina mwa izo zinali kukwela pansi pa ndeke za anthu. Duwa lothyoledwa lelo silingadikile. Likasinthidwa ndeke pamalo otentha ndi kucedwa tsiku limodzi, mtengo wake kumsika umatsika, pamene mlimi wa ku Kenya ali ndi ndeke zolunjika ku Europe usiku uliwonse.

Cimodzi-modzi alendo odzaona malo. Mu 2022 boma linacotsa lamulo la viza kwa nzika za Britain ndi maiko ena kuti alendo aculuke. Linali ganizo labwino. Koma munthu wa ku England amene ali ndi chuti ca masiku khumi amawelenga maola. Akaona kuti ku Nairobi angafike ndi ndeke imodzi m'maola asanu ndi anayi, pamene ku Mfuwe kapena ku Livingstone afunika ndeke ziwili kapena zitatu, ambili amasankha kwapafupi. Wotaya ndi wopelekeza alendo ku South Luangwa ndi mai wogulitsa zosema ku Mukuni.

Musanalipile tikiti

Akulu anati safunsa anadya phula. Pogula tikiti, kaya pa intaneti kaya ku ofesi, musayang'ane mtengo wokha. Funsani kuti ulendo wonse, kucokela ponyamuka mpaka pofika, ndi maola angati, ndipo mudzaima kangati.

Onani nthawi imene yasiyidwa pakati pa ndeke ziwilizo. Ola limodzi limaoneka labwino papepala, koma ndeke yoyamba ikacedwa pang'ono, yaciwili imakusiyani. Ngati ulendo ndi wa malilo, wa ukwati kapena wa mayeso, sankhani mpata wa maola atatu kapena anayi, ndipo funsani kuti mutaiphonya, ina yopita ku Lusaka idzanyamuka liti. Panjila zina imakhala imodzi cabe patsiku.

Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Ena amagula matikiti awili osiyana kumakampani awili pofuna kupulumutsa ndalama, koma cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyelele. Pa tikiti imodzi, mukaphonya ndeke yaciwili cifukwa cakuti yoyamba inacedwa, kampani ndiyo imakupezelani mpando wina, ndipo katundu wanu amapitilila yekha. Pa matikiti awili, vuto ndi lanu, ndipo mungafunike kutuluka kukatenga masutukesi, cimene kumaiko ena cimafuna viza.

Mankhwala a shuga kapena a BP, mapepala ofunika ndi covala cimodzi cosinthila zikhale m'cikwama ca m'manja. Ngati mukutumiza okalamba, pemphani pogula tikiti kuti adzawathandize ndi njinga ya olemala ndi munthu wowapelekeza kucipata, ndipo muwalembele papepala dzina la ndeke yaciwili ndi nambala ya foni ya wowalandila. Paulendo wautali imilila-imililani ndi kumwa madzi, pakuti kukhala malo amodzi maola ambili kungacititse magazi kuundana m'miyendo. Onaninso bwalo limene mudzatelapo, cifukwa Heathrow ili kumadzulo kwa London pamene Gatwick ili kum'mwela, makilomita 45 kucokela pakati pa mzinda. Wokulandilani asadzaime kolakwika.

Mau kwa atsogoleli

Mu 2021 nyumba yatsopano ya apaulendo inatsegulidwa pabwalo la Kenneth Kaunda, ndipo mu December caka comweco dzina la Zambia Airways linaukanso, boma litagwilizana ndi Ethiopian Airlines. Anansi athu ena apita patsogolo. RwandAir inayamba kupita ku London mu 2017, ndipo Uganda Airlines inatsegula njila ya Entebbe ndi Gatwick mu May 2025. N'zomveka kuti anthu afunse kuti nanga ife tidzayamba liti.

Ife sitikupempha boma kuti lithamangile kugula ndeke yaikulu ndi ndalama za nkhongole pofuna ulemu cabe. Tinaona mu 1994 mmene anchito a Zambia Airways anakhalila pamseu, ena n'kudikila malipilo ao zaka zambili. Cimene tikupempha n'cakuti a unduna woona za mtenga-tenga auze mtundu poyela kuti ndi anthu angati amene amayenda pakati pa Zambia ndi Britain caka ciliconse, ndi matani angati a katundu, ndipo n'ciani cimene makampani a ndeke amanena kuti cikuwaletsa kubwela. Ngati ndi mtengo wa mafuta a ndeke, amene amacokela kutali kumadoko, kapena misonkho ya pabwalo, tikambilane zimenezo. Ngati anthu sakukwanila kudzaza ndeke tsiku lililonse, tione ngati kawili kapena katatu pa sabata zingatheke, kapena kugwilizana ndi anansi athu a ku Malawi ndi Zimbabwe kuti ndeke imodzi itumikile mizinda iwili. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, amene amayenda njila zimenezi kawili-kawili, afunse mafunso amenewa m'malo mwathu.

M'bale wathu uja anabwelela kunchito ku England patapita sabata ziwili. Banja lagwilizana zodzaika mwala pamanda a amai mwezi wa August, ndipo iye wagula kale tikiti, yofika ku Lusaka kutatsala masiku anayi. Amalume titawafotokozela manambala onsewa anangopukusa mutu, n'kutiuza kuti tidzawadziwitse tsiku limene ndeke idzanyamukenso ku Lusaka usiku ndi kukatela ku London m'mawa. Tinawalonjeza kuti tidzatelo.